Kachitatu, Ngakhale Azakhali

Chala cha telala chinaima m'malere pamwamba pa nambala ya azakhali ake.

Gulu la osoka la pa foni analiyambitsa ali anthu khumi, koma tsopano linali litapitirira mazana asanu. Funso la mayi wina la kasokedwe ka kolala linali litamira m'mphekesera zimene azakhaliwo ankatumiza. Lamulo analemba yekha telalayo: wolakwa kachitatu atuluke. Kwa azakhali, aka kanali kachitatu.

Anaimirira, n'kukhalanso. Anapalasa makina opanda ulusi, omwe aja anamupatsa azakhaliwo.

Foni inalira. "Mwanawe, waziona ndatumizazo?"

"Ndaziona, azakhali. Zoterezi muzingondiuza ndekha, ndibwera mawa."

Atadula foni anawachotsa m'gulumo, n'kuyamba kusakasaka funso la kolala lija.