Nungu, Nyani ndi Mkuyu wa pa Bwalo la Gofu

Padangokhalatu, Nungu ndi Nyani adakanganirana mkuyu wa m'mbali mwa bwalo la gofu. Adapangana kuti woyamba kulowetsa mpira m'dzenje atenge mtengowo.

Nyani adasolola zida zophunzirira m'zikwama za osewera: lamba womanga zigongono, galasi lodziyang'anira ndi ndodo yolemera. Nungu ataziona, mtima udali m'mwamba. Iye vuto lake lidali kupotoza mapazi, choncho poyeserera ankangoyala munga wake umodzi pansi kuti uziloza kudzenje.

Tsiku la mpikisano Nyani adavala zonse. "Achimwene, onani ukatswiri!" Atazunguza ndodo, lamba adakola mchira, iye n'kugwa chagada, khu!

Nungu adamenya, mpira n'kulowa. Mtima udakhala pansi.

"Pepani achimwene," adatero Nungu akummasula Nyani, "mwamwa mankhwala onse musanadziwe pamene pakupweteka."

Mbatata ija yapsa, kaphuleni.