Wofufuza Wachiwiri

Anzake ataweruka, katswiri wa makompyuta anatsala yekha mu ofesi kuti amalize ntchito imene malemu achimwene ake anaisiya panjira: kuika pa seva, kompyuta yaikulu yakutali, pulogalamu yofufuzira zikalata, pamodzi ndi tsamba loonetsa amene akufufuza ndi zimene akufuna.

Ntchito yomweyi ndi imene inamuchedwetsa tsiku limene achimwene akewo anamwalira. Mlamu wake anamuimbira foni katatu ali kuchipatala. "Alamu, fulumirani, akukufunani." Iye n'kumangoti, "Ndikubwera, kangotsala pang'ono." Pofika anapeza atawaphimba kale kumaso.

Tsopano zonse zinatheka. Anatsegula tsamba lija kuti aliyese. Mawu achinsinsi olowera patsambalo ankawadziwa yekha, koma pakona panalembedwa kuti ofufuza alipo awiri.

Anayang'ana kumene wachiwiriyo ankachokera. Inali kompyuta ya achimwene ake, pa desiki ya kumbuyo kwake, yovundikiridwa ndi nsalu, chingwe chake atachipinda n'kuchiika pamwamba.

Pamndandanda panatuluka zimene wachiwiriyo ankafufuza: "mng'ono wanga".

Zopezeka: palibe.

"Achimwene, ndinabweratu," ananong'ona. "Kungoti ndinachedwa."

Mawu aja oti "mng'ono wanga" anatulukanso pamndandanda. Kenako mpando wa kumbuyo unalira kuti kwiii, ngati munthu akutembenuka kuti afufuze ndi maso.