Apilo ya Nason wa ku Kanyama

Panali munthu wina ku Kanyama, dzina lake Nason, amene ankagwira ntchito pa kampani ina youmba mabuloko. Tsiku lina makina osakaniza simenti anamugwira dzanja lamanja n'kuliphwanya. Pamene anzake ankazimitsa makinawo, zala zitatu zinali zitatsala mkati.

Atatuluka m'chipatala anakadandaula ku ofesi yoona za chipepeso cha ovulala pa ntchito. Kampani inati munthuyo angathe kugwirabe ntchito. Ndiye ofesi inamupatsa kalata yoti akapimidwenso ndi dokotala wina, chigamulo chidzabwere pambuyo pake.

Nason anapsa mtima. Mkazi wake Felistus anaiwerenga kalatayo kawiri.

"Ba Nason, mulandu sunasile. Bakamba chabe kuti muyende kuli dokota. Tilindile."

"Nilindile chani? Dzanja lizamela futi?"

Pageti pa ofesi ija ankayima bambo wina wa jekete ndi chikwama, Eugene. Anamukokera Nason pambali.

"Bamudala, bakunyengani aba. Ine nisebenza na maloya. Osayenda kuli dokota wabo. Tichite apilo ku khoti manje manje."

Felistus anakana, anachonderera, mpaka analira. Nason sanamve. Anagulitsa wailesi ya kanema n'kupereka ndalamazo kwa Eugene, pamodzi ndi mapepala onse a kuchipatala. Tsiku la dokotala linadutsa iye ali khale kunyumba.

Ku khoti nkhani sinachedwe. Woweruza anati munthu sachita apilo pa nkhani imene sinagamulidwe, abwerere komwe anachokera. Eugene sanaoneke. Foni yake inali yozima.

Patatha milungu iwiri, Nason ndi mkazi wake ali pamsika wa ku Chawama masana, anamuona Eugene akunong'oneza mayi wina woyenda ndi ndodo. Nason sanafunse kanthu. Anatola chibenthu cha buloko ndi dzanja lamanzere n'kumugogoda nacho m'mutu. Eugene anagwa chafufumimba, magazi ali chuchuchu.

"Kawalala! Kawalala uyu!" anakuwa Nason.

Anthu anakhamukira pomwepo. Wina ndi thabwa, wina ndi mwala, wina ndi chitsulo cha pa wilibala. Palibe anafunsa chimene munthuyo anaba. Eugene anayesa kukwawira pansi pa tebulo la tomato, anamukoka miyendo. Anamuponda kumaso mpaka mano anagwera m'matope. Felistus anamugwira mwamuna wake malaya.

"Lekani, muzamupaya! Ba Nason, ganizilani bana!"

Nason anamukankhira uko n'kumenyanso Eugene kachiwiri, kachitatu. Apolisi atafika, Eugene anali atasiya kupuma. Gulu lonse linabalalika. Koma amsika atafunsidwa kuti anayambitsa ndani, onse anayankha chimodzi: bambo wopanda zala. Anamugwira asanafike ndi pokwerera basi pomwe.

Sabata yotsatira Felistus anapita yekha ku ofesi ija. Mayi wa pa desiki, Salome, anatulutsa faelo n'kupukusa mutu.

"Amai, mulandu wa bamuna banu ukali wosegula. Tenze kulindila chabe lipoti ya dokota. Sembe banabwela kukamba, sembe tinabapasa siku ina. Bali kuti?"

Felistus anangokhala pansi pomwepo. Lero Nason ali m'ndende pa mlandu wakupha, ndipo ana ake atatu anagawidwa kwa achibale.

Phunziro: Kalata yoti "dikirani" si chigamulo. Nkhani isanathe musathamangire apilo, ndipo musapereke mapepala anu kwa munthu wongokumana naye pageti. Funsani mkati mwa ofesi. Mukapusitsidwa pitani kupolisi, chifukwa mkwiyo wa mphindi imodzi umadya moyo wonse. Tumizirani ena uthengawu, makamaka amene ali ndi m'bale wovulala pa ntchito.