Chisoti cha Katoni

"Elídio, pang'onopang'ono, ndi sewero chabe," ananong'oneza akatekisita.

Elídio sanamve. Linali Lachisanu Loyera ku Fíngoè, ndipo mkulu wake Aniceto, amene ankasewera Yesu, anali atagwa ndi mtanda m'fumbi. Akatekisita anapatsa Elídio usilikali chifukwa cha kufatsa kwake, munthu woti ngakhale nkhuku ankachita kupempha mnansi kuti amuphere. Koma atangovala chisoti cha katoni, n'kuona anthu akumupatukira, mkono unasiya kumumvera. Chikwapu cha khonje chinatsika, n'kutsikanso, mpaka mkanjo woyera unafiira.

Madzulo, akuthowa msana wa mkulu wakeyo, misozi inkagwera m'beseni.

"Achimwene, sindikudziwa chimene chinandilowa. Mundikhululukire."

"Usalire," anatero Aniceto. "Tinayamwa bere limodzi. Pita ukatenge madzi ena, awa azizira."

Elídio atabwerako, anaima pakhomo. Mkulu wake, mabala ali pamtunda, anali atavala chisoti chija, akuyesa kulemera kwa chikwapu m'dzanja.

"Kodi chaka chamawa," anafunsa Aniceto osatembenuka, "Yesu adzakhala ndani?"