Anapiye Amene Mayi Anasiya

Panali munthu wina, telala wopuma pantchito, amene anthu a mumsewu wake ankangomutchula kuti aTelala. Amene ananditumizira nkhaniyi akuti inachitikadi.

Akazi awo atamwalira, anawasiyira khola la nkhuku kuseri kwa nyumba. Zinali nkhuku zamawangamawanga, mbewu yomwe mayiwo anabwera nayo m'dengu tsiku lolowa m'nyumbamo. Kwa zaka makumi atatu aTelala ankapalasa makina pakhonde, uku akumva mayi kuseriko akukalipira tambala ngati mwana wosamva. Mayi atapita, kuseri kunati zii. Koma thadzi lina likatetera, aTelala ankaona ngati mayi angotuluka pang'ono, abwera posachedwa.

Chaka chimenecho mathadzi awiri anaswa anapiye makumi awiri ndi atatu. ATelala anawatsekera m'chipinda chaching'ono cha m'kholamo, nawathirira utuchi pansi. Anapiye anakula bwino mpaka sabata yachisanu.

M'mawa wina anapeza atatu ataima pakona, maso ali tsinzi, mapiko atagwa. Chakudya osachiyang'ana. Pa utuchi panali zitosi zamagazi.

Anaimbira foni mwana wawo wamkazi, yemwe anali namwino kuchipatala cha kutali.

"Anapiye a mayi ako avala jekete," anatero. "Jekete yoti sindinasoke ine."

"Bambo, musaseke. Patulani odwalawo pompano. Chotsani utuchi wonse, muthire wouma. Musawamwetse kalikonse. Alangizi a ziweto ali kuseri kwa msika komweko, pitani nawo mmodzi akamuone."

"Iwe, mayi ako anaweta nkhuku zaka zonsezi, unawaonapo akuitana mlangizi? Nkhuku ndi nkhuku."

"Bambo, chonde."

"Ndamva, ndamva."

Sanamve. Masana anapita kumsika kukagula ulusi, ndipo ali pamzere anadandaulira wogulitsayo za anapiye aja. Bambo wina wachilendo, wovala malaya oyera ositidwa bwino, chikwama chili m'khwapa, anawagwira pamkono.

"Pepani achikulire, ndangomvako. Mapiko agwa? Akuodzera? Chimenecho ndi chitopa. Mukachedwa, mawa khola lonse psiti."

Anatulutsa kabotolo ka madzi achikasu, kopanda chizindikiro chilichonse.

"Bwanji sikanalembedwe?" anafunsa aTelala.

"Amene amalemba ndi amene amakunamizani. Awa ndi ochokera kunja. Muthire m'madzi, zimwe zonse, zodwala ndi zabwino zomwe. Musazipatule, zingafe ndi chisoni."

Mawu akuti chisoni anawalowa aTelala mumtima. Anagula. Atafika kunyumba anathira botolo lonse m'chomwera, natseka chitseko cha khola.

Tsiku lotsatira anatola anapiye anayi akufa. Anati mankhwala akugwira ntchito, akuchotsa ofooka. Linalo anatola asanu ndi mmodzi. Tsiku lachitatu anakumba dzenje lalikulu pansi pa mtengo wa mandimu. Anabwerera kumsika kukafuna munthu wa malaya oyera uja, koma palibe amene ankamudziwa.

Pamenepo m'pamene anakulunga mwanapiye wakufa m'kansalu, natenga botolo lija, napita kwa alangizi. Alangiziwo anali mayi wachikulire wovala magalasi. Sanalankhule zambiri. Anamutumbula mwanapiyeyo pathebulo, nawaonetsa matumbo odzaza magazi.

"Ichi si chitopa, bambo. Ndi kamwazi wa anapiye. Tizilombo take timaswana mu utuchi wonyowa, ndipo abwino amatitola m'zitosi za odwala. Mankhwala ake ndi awa ali pashelefuwa. Mukanabwera tsiku loyamba, mwina mukanataya awiri okha."

Ananunkhiza botolo lija, napukusa mutu. "Awa ndi madzi amchere othira utoto. Mwanapiye wotsegula m'mimba mukam'patsa mchere wochuluka chonchi, mwam'maliza."

Anapita nawo kunyumba. Alangizi atalowa m'khola anaponda utuchi, madzi n'kutuluka m'mbali mwa nsapato. Chomwera chinali chobooka pansi, chikudontha kuyambira kalekale. Anapiye amoyo anatsala anayi. Alangizi anawaika m'katoni youma, nawasungunulira mankhwala oyenera m'madzi oyera. Kenaka anaima, nayang'anitsitsa mathadzi amawanga aja.

"Nkhuku izi ndikuzidziwa. Si za mayi aja ankabwera ndi dengu lofiira?"

"Akazi anga ankabwera kwa inu?"

"Miyezi itatu iliyonse, kudzatenga katemera. Mwanapiye akangoodzera, ankafika naye ine ndisanatsegule n'komwe. Utuchi ankasintha Loweruka lililonse. Inu simunkaona?"

ATelala anakhala pansi pa chidebe. Loweruka linali tsiku la makasitomala ambiri, mutu wawo unkakhala pa singano. Iwo ankangoona nkhuku zonenepa, n'kumati mkazi wanga ali ndi dzanja labwino.

"Ankanenapo za ine?" anafunsa motsitsa mawu.

Alangizi anamwetulira. "Ankati, 'Bambo a kunyumba kwanga nkhuku amaidziwa ikakhala m'mbale basi. Koma musawaseke, madiresi anga onse amasoka okha.'"

ATelala anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anavula magalasi, naphimba nkhope ndi manja onse awiri. Alangizi anatola fosholo, nayamba kukokola utuchi wonyowa uja. Patapita kanthawi, aTelala anaimirira, nawalanda fosholoyo.

Phunziro: Chiweto chikadwala mwadzidzidzi, chipatuleni msanga, yeretsani khola, ndipo pitani kwa odziwa asanakupezeni odziwa kulankhula. Musagule mankhwala opanda chizindikiro kwa munthu amene sanachione n'komwe chiwetocho. Ndipo ngati pakhomo panu pali wina amene zinthu zimamuyendera bwino mwakachetechete, m'funseni mmene amachitira akadali moyo. Tumizirani nkhaniyi abale ndi anzanu onse oweta nkhuku, khola la wina lipulumuke.