Wakuba Madzi a Dokotala Mawa

Madzi a m'chigubu anatsikanso. A Dokotala Mawa anasuzumira mzere umene anajambula dzulo lake, n'kupukusa mutu. Chigubucho sankachinyamula kapena kuchigwedeza, poti ankati mankhwala ena sakonda kudzutsidwa. Koma maso sanama: wina ankawabera.

Dzina loti Mawa anawapatsa ndi ophunzira awo a kemisitiri. Ukawafunsa za kafukufuku wawo, yankho linali limodzi: zotsatira zituluka mawa, kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhonoyo inachita kukalamba maso isanatulutse.

Anzawo m'dipatimentimo zinkawayendera. Wina ankakola utsi wa m'mafakitale kuti ausandutse mafuta. Wina ankangofunsa kompyuta kuti imulotere mankhwala atsopano, moti m'manja mwake munali mofewa ngati mwa khanda. Ndiye panali Mayi Batire, amene ankapanga mabatire ndi mchere, ndipo zipangizo zawo zinasefukira mpaka m'khonde.

A Dokotala Mawa ankafuna madzi odya pulasitiki, kuti zinyalala zithe m'misewu. Kasakanizidwe kake kanadzaza bolodi lonse la pakhoma. M'kalasi ankaphunzitsa bwino kuti mapulasitiki ali ngati abale, dzina limodzi koma mitima yosiyana. Eni akewo ankayesera pa mtundu umodzi wokha: kachidutswa ka botolo la chakumwa, kamene anakaviika m'kapu yagalasi. Kachidutswako kankangosambira, kathanzi, kosadandaula.

Tsono mkulu wa dipatimenti anali atanena mosapsatira. Lero akapanda kuona kanthu, chipindachi, chawindo lalikulu ndi sinki yake, chipita kwa Mayi Batire. A Dokotala akakhala kunsi kwa masitepe, kumene kumagona zokolopera. Zimenezi zinkawawawa zedi, chifukwa m'chipindamo ndi mmene anamerera imvi.

Wakuba ankamudziwa. Kupatula Mayi Batire, ndani winanso akanafuna kuti madziwo athe? Poyamba analemba pachigubu kuti POIZONI. Madzi anatsika. Anamanga chivindikiro ndi waya. Madzi anatsika. Kenako anapaka inki pachogwirira, n'kuyenda ofesi ndi ofesi kupatsa anthu moni wa m'manja, uku akuwayang'ana zikhatho. Pofika madzulo dipatimenti yonse inali ndi manja abuluu, ndipo amene anawapaka anali iwo omwe.

Mavuto sabwera limodzilimodzi. Pansi pa shelefu, pomwe ankaima polondera chigubu, pankakhala chinyontho nthawi zonse, koma m'nyumba imeneyo paipi yosadontha ndiyo inali yachilendo. Nsapato zawo zotchipa nazo zinayamba mwano, kumamata pansi n'kumalira poyenda. Mayi akunyumba anawonjezera moto m'mawa umenewo powauza kuti, "Bambo, kaya ndi maganizo kaya ndi ukalamba, koma mukufupika."

Chitseko chinatseguka. Analowa mkulu wa dipatimenti, pambuyo pake Mayi Batire, amene maso awo anayamba kale kuyeza makoma.

"Tabwera, a Dokotala. Mawa lija ndi lero," anatero mkuluyo.

A Dokotala anakweza kapu yagalasi. Onse atatu anawerama. Kachidutswa kaja kanazungulira pang'onopang'ono, ngati kakuwaonetsa kuti kalibe bala paliponse.

"Kakuoneka kuti kanenepako," anatero Mayi Batire.

Apa mtima wa a Dokotala unaphulika.

"Chabwino, ndagonja! Madzi anga sadya kanthu. Koma alipo ena pano amawakonda kwabasi, moti tsiku silipita osadzatungako."

"Mukunena ine? Ndibe madzi anuwo ndikatani nawo, ndikachapire makatani?" anafunsa Mayi Batire.

"Musavutikenso n'kuba, mayi. Tengani chipinda. Tengani chigubu. Tengani ndi za pabolodizo zomwe. Kuyambira lero ndi zanu, mulembepo dzina lanu, anthu azikaseka inu. Bwana, ndinu mboni."

"Ndamva ndi makutu anga," anatero mkuluyo, akuoneka kuti wapepukidwa.

A Dokotala Mawa anaponya kiyi patebulo. Anakonza kolala, anatukula chibwano, n'kutembenuka kuti atuluke ngati munthu wamkulu. Phazi loyamba linatera pasimenti pozizira modabwitsa. Lachiwiri chimodzimodzi. Atayang'ana pansi anaona masokosi awo, chala chachikulu chikusuzumira panja. Zidendene ndi zapansi pa nsapato zinatsala pachinyontho paja, zitaphwanyalala.

Mayi Batire anali atagwira kale chigubu kuti akachitaye. Chinanyamuka chakumtunda chokha. Pansi pake panatsalira pashelefu, patasungunuka ngati kandulo: madziwo ankadya chigubu chawo chomwe, n'kumadonthera pansi.

Mayiwo anayang'ana chigubu, anayang'ana masokosi, kenako bolodi.

"Bwana," anatero mwaulemu, "paja mwati ndinu mboni, eti?"