Telala amene anaika mapiritsi a chimanga m'mabuku

Panali bambo wina pompano pa boma la Mangochi, telala, dzina lake Che Nasir. Musanene kuti mwamva kwa ine, abale ake timatunga nawo madzi pamjigo umodzi. Koma ndi zoona, zachitika dzinja lomweli.

Bamboyu anali ndi matenda a mabuku. Osati a kumadrasa ayi. Timabuku takale ta ana, tija ankawerenga makolo athu ku sitandade 1, ta zithunzi za nkhuku ndi mbuzi. Akaona mayi wa mandasi akung'amba buku lakale kuti akulungire kasitomala, iye amagula buku lonselo, mandasi osagula. Mpaka ku Namwera amafika, kukasaka ta Chipwitikizi tomwe anabwera nato anthu othawa nkhondo aja. Akabwera nato kumatinunkhiza, kumatijambula, kutumiza pa gulu lawo la pafoni, anzake a ku Lilongwe kumamutama.

Mwana wake Nuru, wa zaka zitatu, akangoti agwireko kamodzi, mbama. "Siya! Si zoseweretsa izi!" Mabuku a ana koma mwana wako osagwira. Inu munazimvapo?

Mabukuwo anadzadza makatoni asanu, n'kuwaunjika kuchipinda kumene Nuru amagona masana. Ndiye tsiku lina anapeza chiswe chadya buku limodzi pakati penipeni. Akuti anakhala pansi ngati wamva uthenga wa maliro.

Atapita ku Namwera anadandaulira venda wina wa chimanga, munthu woti samudziwa n'komwe. Vendayo anatulutsa mapiritsi otuwa mu jumbo, opanda dzina, opanda pepala.

"Awa achimwene sakambirana. Anankafumbwe, chiswe, khoswe, zonse zimagona. Ponyani awiri pa katoni, mutseke windo."

Mkazi wake Tatu, wa ku Chowe, anakulira pa ulimi. Atangowaona anabwerera m'mbuyo.

"Bambo a Nuru, awa kwathu saika m'nyumba yogona anthu. Amaika kushedi, munthu n'kuthawa. Mpweya wake umapha."

"Iwe za mabuku ukudziwapo chiyani? Chabwino, ndikasiya kushopu."

Bodza. Lachisanu m'mawa Tatu ali kumsika, anaponya mapiritsi m'makatoni onse asanu, n'kutseka mipata ya windo ndi zigamba za kushopu kwake. Anasamba, kuvala mkanjo woyera, ulendo kumzikiti ku mapemphero a Juma.

Masana Tatu anakagoneka mwana monga mwa masiku onse. Fungo analimva, ngati nsomba yowola. Koma kuno ndani amadabwa ndi fungo la nsomba? Aneba anali atayanika usipa umene unanyowa ndi mvula. Iye anaganiza kuti likuchokera kumeneko, ndiye anatseka chitseko kuti fungolo lisamuvutitse mwana. Amayi anzanga, anatseka yekha ndi manja ake.

Ali kuseri kuchapa anamva kutsokomola. Kutsegula chitseko, Nuru wasanza pamphasa ponse, akupuma ngati nkhuku yachitopa. Anamubereka kumsana, kabaza, chipatala. Che Nasir anawapeza konko.

Adokotala anafunsa, "Mwanayu wamwa chiyani? M'nyumba muli mankhwala alionse?"

Che Nasir anayankha, "Ayi adokotala. Akhala malungo awa."

Mwamva? Mwana wake akuthatha pabedi, iye akuti malungo! Chifukwa ankaopa kuti akanena, abwera kudzawotcha makatoni ake.

Anamuyeza mwana, malungo palibe. Nthawi ikupita. Tatu ananunkhiza chitenje chimene anamuberekera, fungo lija lidakalipo, chonsecho usipa unatsala kunyumba. Anamuyang'ana mwamuna wake.

"Bambo a Nuru, mapiritsi aja ali kuti?"

"Ndinakuuza kale, kushopu."

"Mwangochokera kumene kumzikiti, mkanjo simunavule. Lumbirani, nenani Wallahi."

Che Nasir anatembenukira kukhoma.

"Nenani Wallahi pamaso pa mwana wanu!"

Anawerama. "Ndinaika awiriawiri basi. Windo ndinatseka bwinobwino."

Adokotala akuti anamenya tebulo. "Bambo inu, mphindi zonsezi mumationerera tikusaka malungo?" Anathamanga naye mwana kukamuika pa mpweya. Masiku anayi Nuru ali pamenepo, Tatu osachoka, osadya, kumangowerenga kupuma kwake. Tsiku lachisanu mwana anatsegula maso n'kupempha madzi. Alhamdulillah, Mulungu yekha, chifukwa anesi anamuuza Tatu kuti ena amene amabwera chonchi sabwerera.

Ndiye tamvani izi. Tsiku lotuluka, bamboyu anawatsatira adokotala pakhonde, n'kufunsa motsitsa mawu ngati mabukuwo atawayanika padzuwa angakhalenso bwino. Tatu anamva ndi makutu ake.

Sanalowenso m'nyumba muja, ngakhale kukatenga poto. Kuchoka pachipatala anakwera ulendo wa ku Chowe ndi mwana wake. Ankhoswe apitako katatu tsopano kukapepesa. Ulendo womaliza Tatu anawayalira mphasa, kuwapatsa madzi, n'kuwauza kuti, "Amalume, mwavutika ndi ulendo. Mukawauze kuti ana ali nawo kale makatoni asanu. Uyu yekhayu andisiyire ine."

Phunziro: Mapiritsi a chimanga asalowe m'nyumba yogona anthu, kaya akuti ndi a chiswe, kaya a makoswe, kaya wabweretsa ndi bambo wa m'nyumba. Mukamva fungo lachilendo musangoti ndi nsomba, tulutsani mwana kaye. Ndipo inu abambo osunga zinthu zakale, chinthu chimene mwafika pochinamira mwana akufa, chimenecho chakulodzani, chitayeni. Tumizani kwa mayi aliyense amene muli naye mufoni, lero lomwe, mwana wina asanagonekedwe masana ano.